Ngamila m'masewera a nkhondo zakale: mod iti ikuyandikira mbiri yeniyeni?

Munthu wokonda masewera apakompyuta oyendetsa nkhondo za m'nthawi ya Aroma, Agiriki ndi Aperisi akafuna kuikamo mod (zosintha zimene osewera ena amakonza n'kuonjezera pa masewera) yowongola mbiri, kawirikawiri amayamba kuyang'ana zishango, zisoti ndi mayina a magulu a asilikali. Ngamila amaziona mochedwa, chonsecho pa ngamila m'pamene pamaonekera msanga ngati okonza mod anawerengadi zolemba zakale kapena anangokometsa zimene anazipeza. Umboni wa ngamila zolowa m'kati mwa nkhondo ndi wochepa ndithu, pamene umboni wa ngamila zonyamula madzi, mivi ndi amithenga ndi wochuluka, ndipo masewera ambiri anatembenuza zimenezi chifukwa chinyama chothamangira adani chimakoma m'maso kuposa chinyama chosenza matumba. Pano tikuyerekeza njira zisanu, koma tiyambe ndi zoyezera zake.

Zoyezera

Choyamba ndi ntchito imene ngamila yapatsidwa. Nkhani imene aliyense amaitchula ndi ya Herodotus yonena za nkhondo ya pafupi ndi Sardis cha m'ma 547 BC, pamene Cyrus, mfumu ya Aperisi, polangizidwa ndi Harpagus, anaika ngamila kutsogolo kuti akavalo a Croesus, mfumu ya ku Lydia, adzidzimuke ndi fungo lake. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti zinali ngamila za katundu zimene anangozitsitsa mitolo n'kukwezapo anthu, ndiponso kuti asilikali a ku Lydia, ataona akavalo awo akubwerera, anatsika n'kupitiriza kumenya nkhondo wapansi. Ku Carrhae mu 53 BC, Plutarch akuti Surena, mkulu wa asilikali a Apati (anthu a ku Parthia), anali ndi ngamila 1,000 za katundu, ndipo Aroma a Crassus anapirira poganiza kuti mivi ya Apati itha, mpaka anazindikira kuti pali ngamila zodzaza mivi kumene oponyawo ankapita kukatenga ina. Mu 330 BC, Alexander atafuna kuti lamulo lopha Parmenion, mmodzi wa akuluakulu a asilikali ake, lifike ku Ecbatana mbiri isanafikeko, anatumiza amithenga pa ngamila zaliwiro, ndipo Strabo akuti anayenda masiku 11 okha. Ntchito zenizeni za ngamila zinali zoterozo.

Chachiwiri ndi nthawi ndi malo. Aluya ankagwiritsadi ntchito ngamila pa nkhondo kuyambira kale: cholembedwa cha Shalmaneser III wa ku Assyria chimatchula Gindibu amene anabweretsa ngamila 1,000 ku Qarqar mu 853 BC, ndipo zosema za m'nyumba ya Ashurbanipal ku Nineveh, zimene tsopano zili ku British Museum, zimasonyeza amuna awiri pa ngamila imodzi, wina akuiyendetsa, wina akukoka uta. Ku Magnesia mu 190 BC, Livy akuti Antiochus III, mfumu ya ku Syria, anali ndi Aluya oponya mivi okwera ngamila, onyamulanso malupanga owonda aatali mikono inayi kuti azifikira mdani ali pamwamba potero; koma magaleta okhala ndi zikwakwa a mfumu yomweyo atabalalika, chisokonezo chinagwera amene anali pambuyo pake, ndipo za ngamilazo sitimvanso china chimene zinachita. Asilikali a mbali ya Apati ovala zitsulo okwera ngamila ndi mikondo yaitali amaonekera m'nkhani ya Herodian ya nkhondo ya ku Nisibis mu 217 AD, zaka zoposa 480 kuchokera mu 272 BC, chaka chimene masewera angapo otere amayambira. Kumpoto kwa Africa nkhani njochedwanso: mu 46 BC asilikali a Caesar anagwira ngamila 22 za mfumu Juba ya ku Numidia, ndipo wolemba anaona kuti n'zoyenera kuzitchula, pamene mpanda wa ngamila zozungulira msasa, umene Amoor anagonjetsera nawo akavalo a Avandal, ukufotokozedwa ndi Procopius m'zaka za m'ma 500 AD.

Chachitatu ndi kuchuluka kwake. Chikalata china cha gumbwa cha ku Egypt cha mu 156 AD, chowerengera asilikali a gulu la Aroma la Cohors I Augusta Praetoria Lusitanorum, chikusonyeza anthu 505, ndipo okwera ngamila anali 19 okha. Aroma anali nalo gulu lalikulu la okwera ngamila, Ala I Ulpia dromedariorum, lokhazikitsidwa m'nthawi ya Trajan, koma kwina konse okwera ngamila ankakhala ochepa, ophatikizidwa m'magulu a oyenda pansi, ndipo ntchito yawo inali kulondera misewu ya m'chipululu ndi kuperekeza apaulendo. Mod imene ikulolani kudzaza theka la gulu lanu ndi ngamila yalephera muyezo umenewu, ngakhale zovala za okwerawo zitajambulidwa mwaluso chotani.

Chachinayi ndi mantha a akavalo. Manthawo analipodi, ndipo n'chifukwa chake Xerxes, mfumu ya Aperisi, mu 480 BC anaika Aluya ake kumbuyo kwa gulu lonse. Koma kavalo wozolowera ngamila saziopanso. Akavalo a Apati anayenda nazo limodzi ku Carrhae ndi ku Nisibis. Masewera amene amachititsa kavalo aliyense, wa ku Gaul kapena wa ku Syria, kuchita mantha mofanana akuphonya mfundo imeneyi.

Chomaliza ndi chinyama chenicheni ndi chishalo chake. Ngamila ya linunda limodzi ndi ya ku Arabia, Syria ndi Egypt, pamene ya malinunda awiri ndi ya ku Bactria ndi madera ozizira a pakati pa Asia, ndipo iyi inali makamaka yosenza katundu. Wolemba mbiri Richard Bulliet anaika kubwera kwa chishalo cholimba chamatabwa cha kumpoto kwa Arabia pakati pa 500 ndi 100 BC. Chisanabwere, wokwera ankakhala mosakhazikika, moti kuponya muvi kunali kotheka koma kubaya ndi mkondo uli pa liwiro kunali kodziika pangozi.

Europa Barbarorum, woyamba ndi wachiwiri

Ngamila zake: Rome: Total War wa mu 2004 anapatsa Parthia ngamila zokutidwa ndi zitsulo ndipo Numidia anaipatsa okwera ngamila akeake, zonse ziwiri zolakwika pa muyezo wa nthawi. Europa Barbarorum, imene imayambira mu 272 BC, inachotsa zimenezi pamodzi ndi nkhumba zoyaka moto ndi Aiguputo ovala ngati a m'nthawi ya Ramesses. Njira yake ndi yakuti pamene umboni wachepa, ndi bwino kusiya kusiyana n'kupeka, komanso asilikali a mtundu uliwonse amalembedwa m'dera la kwawo, kotero simungatulutse Aluya ku Italy. Mod yoyamba inaikamo ufumu wa Saba wa kumwera kwa Arabia, ndipo yachiwiri, imene inatuluka koyamba mu 2014, inawonjezera Anabatea a kumpoto kwa Arabia ndi Anumidia. Pa zoyezera za nthawi, malo ndi kuchuluka, palibe ina pa mndandanda uno imene ili yokhwimitsa zinthu chonchi.

Mtengo: Mod zonse ziwiri ndi zaulere, koma yoyamba imafuna Rome: Total War wakale, ndipo yachiwiri imafuna Medieval II: Total War pamodzi ndi gawo lake lowonjezera la Kingdoms. Masewera onsewa ndi akale ndipo amayenda pa laputopu wamba.

Kupezeka: Apa pali chopunthwitsa. Kuyambira pamene Rome Remastered anatuluka mu 2021, Rome wakale sagulitsidwanso payekha pa Steam, sitolo ya masewera ya pa intaneti, koma amabwera ngati mphatso kwa wogula Remastered pa Windows, ndipo mod yoyambayi siyenda pa Remastered weniweniyo. Medieval II akugulitsidwabe pamodzi ndi Kingdoms, kotero mod yachiwiri njosavuta kuipeza, ngakhale muyenera kuitenga pa webusaiti ya ModDB kapena ya Total War Center n'kuiika nokha.

Kusamalira: Mod yoyamba inasiya kukonzedwa kalekale, ndipo imafuna kuti muzidzutsa script yake, kapulogalamu koyendetsa zochitika, kudzera mwa mlangizi wa m'masewera nthawi iliyonse mukatsegula, apo ayi nyengo ndi zochitika zina zimasokonekera. Yachiwiri imachita zimenezi yokha, koma imakonda kuikidwa kunja kwa foda ya Program Files ndiponso kuloledwa kugwiritsa ntchito memory yokulirapo.

Zoopsa zake: Masewera akalewa amatha kuzima mwadzidzidzi kapena kuyenda mwaulesi pa Windows watsopano. Chachikulu n'chakuti wofuna kuona ngamila zambiri adzakhumudwa, popeza kulondola kwa mod imeneyi kuli m'zimene inakana kuika.

Divide et Impera pa Total War: Rome II

Ngamila zake: Rome II wa mu 2013 ndiye ali ndi ngamila zochuluka pa masewera onsewa, ndipo zina mwa izo n'zokayikitsa kwambiri. Phukusi la Beasts of War linabweretsanso ngamila zovala zitsulo za Parthia, ndipo la Desert Kingdoms la mu 2018, lokhala ndi Kush, Saba, Nabatea ndi Masaesyli, linapatsa Saba ngamila zoterozo, ngakhale palibe cholembedwa kapena chosema chodziwika chosonyeza zimenezi ku Marib, likulu la Saba, m'nthawi imeneyo. Divide et Impera inamangidwa pa maziko amenewa, ndipo mphamvu yake ili m'malamulo amene inazinga nawo msilikali aliyense. Gulu lililonse limatengedwa mwa anthu enieni a m'chigawo, ogawidwa malinga ndi udindo wawo, kotero asilikali apamwamba akaphedwa satuluka ena mawa lake. Asilikali ambiri amalembedwa m'madera awo okha. Koposa zonse, mod imeneyi ili ndi dongosolo la chakudya ndi katundu wa asilikali, moti kulowa m'chipululu mosakonzekera kumadya anthu nkhondo isanayambe n'komwe. Zimenezi n'zimene zinachitikira Aelius Gallus, mkulu wa asilikali a Aroma, pamene analowa mu Arabia cha m'ma 25 BC: Strabo akuti madzi ankachita kunyamulidwa pa ngamila, ndipo asilikali ambiri anatha ndi matenda, njala ndi kutopa, osati ndi adani. Wosewera amene wamva ululu wa chipululu mwa njira imeneyi amamvetsa phindu la ngamila kuposa amene wangoziona zikugunda mzere wa adani.

Mtengo: Mod ndi yaulere, koma Rome II ndi wogula, ndipo kuti musewere ngati Saba kapena Nabatea muyenera kugulanso Desert Kingdoms. Kulipira kumafuna khadi yogulira zinthu m'ndalama zakunja, ndipo masewerawo ndi a magigabaiti makumi angapo, choncho bandulo nayo iwerengedwe pa mtengo.

Kupezeka: Ili pa Steam Workshop, malo a ma mod a pa Steam, m'zigawo zingapo zimene muyenera kuzitenga zonse, komanso imapezeka ngati fayilo yoika nokha.

Kusamalira: Workshop imasintha mod yokha popanda kukufunsani, zimene zingaononge masewera amene munasunga muli pakati. Amene akufuna kusewera ulendo umodzi kwa miyezi angachite bwino kutenga fayilo yoika yekha. Timamod tina towonjezera pamwamba pake timafuna kukhala togwirizana ndi mtundu womwewo wa mod yaikulu.

Zoopsa zake: Imalemera pa kompyuta yofooka ndipo nthawi yodikira kuti mafuko ena asewere imatalika. Pa nkhani ya mbiri, yang'anani mndandanda wa fuko limene mukufuna musanayambe, ndipo ngamila iliyonse yovala zitsulo imene ingalembedwe Yesu asanabadwe muitenge ngati chokometsera masewera.

0 A.D. ndi Delenda Est

Ngamila zake: 0 A.D. ya Wildfire Games inayamba ngati ganizo la mod ya Age of Empires II isanakhale masewera oima paokha, ndipo imakamba za zaka za pakati pa 500 BC ndi 1 BC. Ma Ptolemy a ku Egypt anapatsidwa Mnabatea woponya mivi ali pa ngamila, ndipo Akushi ali ndi asilikali aganyu a mtundu wa Blemmye. Chida n'cholondola, popeza uta ndiwo umene zolemba zakale zimapatsa wokwera ngamila, ndipo Anabatea ankazidziwadi ngamila: Josephus akuti Obodas, mfumu yawo, anakankhira Alexander Jannaeus, mfumu ya Ayuda, m'chigwa chozama ndi unyinji wa ngamila cha m'ma 93 BC. Chovuta ndi mbuye amene apatsidwa. Anabatea ankalimbana ndi ma Ptolemy pa malonda a pa Nyanja Yofiira, ndipo ku Raphia mu 217 BC Polybius akuika Aluya 10,000 ku mbali ya Antiochus III, osati ya Ptolemy IV, popanda kunena kuti anali pa ngamila. Ma Blemmye nawo amatchuka ngati osautsa malire a Egypt makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 200 AD. Kuwonjezera apo, ngamila ya ma Ptolemy ndi msilikali wamba amene mungatulutse ambiri kuyambira pachiyambi, ndipo osewera pa intaneti amaigwiritsa ntchito kuvutitsa adani masewera akangoyamba. Chimene masewerawa anachita bwino ndi kuika ngamila pa ntchito ya malonda kwa mitundu ina ya kum'mawa, zimene zikugwirizana ndi msewu wa m'chipululu wochokera ku Coptos kupita ku Berenice wa m'nthawi ya Ptolemy II. Delenda Est, mod ya 0 A.D., imawonjezera mitundu ndi luso lofufuza, koma cholinga chake ndi kukulitsa masewera, osati kuchepetsa ngamila.

Mtengo: Zonse ndi zaulere, ndipo dawunilodi yake njochepa kwambiri poyerekeza ndi Rome II.

Kupezeka: Imayenda pa Windows, Linux ndi macOS, ndipo ma mod ambiri amatengedwa m'kati mwa masewera momwemo.

Kusamalira: Mtundu watsopano wa masewera ukatuluka, ma mod akale amaleka kuyenda mpaka eni ake atawakonza.

Zoopsa zake: Malamulo a asilikali amasinthidwa poganizira mpikisano wa osewera, kotero mphamvu ya ngamila ikhoza kukwera kapena kutsika pa zifukwa zosakhudza mbiri.

Invictus pa Imperator: Rome

Ngamila zake: Imperator: Rome wa Paradox, wa mu 2019, amayambira mu 304 BC, ndipo nkhondo zake siziseweredwa pa bwalo koma zimawerengedwa ndi manambala pa mapu. Ngamila ndi mtundu umodzi wa asilikali komanso katundu wa malonda wopezeka m'madera ouma, ndipo kuchokera pa kusintha kwakukulu kwa mu 2021, mtundu wa asilikali otengedwa mwa anthu wamba umadalira chikhalidwe cha anthuwo. Pa muyezo wa malo zimenezi n'zabwino. Pa muyezo wa kuchuluka sizili bwino kwenikweni, chifukwa ngamila zimakhala magulu athunthu a anthu mazanamazana oima m'mbali mwa mzere ngati akavalo, ndipo za chishalo, fungo kapena anthu awiri pa chinyama chimodzi mulibemo. Invictus imalemeretsa mapu, mafuko ndi ntchito zawo, osati kamenyedwe ka ngamila.

Mtengo: Masewera ndi ogula, mod ndi yaulere.

Kupezeka: Ili pa Steam Workshop ndipo kuiika ndi kophweka.

Kusamalira: Popeza Paradox inasiya ntchito yaikulu pa masewerawa mu 2021, maziko ake sasinthasintha, koma mod ikasintha ikhoza kukana masewera amene munasunga kale.

Zoopsa zake: Wofuna kuona mmene ngamila inkakhalira pa bwalo sapeza yankho pano.

Kukonza nokha

Ngamila zake: Mu Rome: Total War, mu Remastered ndi mu Medieval II, makhalidwe a msilikali aliyense ali m'fayilo ya export_descr_unit.txt imene imatseguka ndi pulogalamu wamba yolembera. Mzere wa mount_effect ndiwo umapereka mphamvu yowonjezera polimbana ndi akavalo, ngamila kapena njovu, ndipo mawu a frighten_mounted ndiwo amachititsa okwera akavalo mantha. Mukhoza kuchotsa chilango cha ngamila pa akavalo a kum'mawa n'kuchisiya pa a ku Europe, kuchepetsa chiwerengero cha anthu m'gulu la ngamila ndi mphamvu yake yogunda, kenako m'fayilo ya export_descr_buildings.txt n'kuchotsa ngamila za zitsulo pa mndandanda wa olembedwa. Mu 0 A.D. zofananazo zili m'mafayilo a XML. Pali chinthu chimodzi chimene simungachikonze mwa njira imeneyi: mivi ikatha pa bwalo la Rome kapena Medieval II, yatha, moti ngamila za Surena, zimene zinasintha mbiri kuposa ngamila zina zonse za m'nthawiyo, zilibe malo m'masewera amenewa. Chimodzimodzinso tizitsulo taminga timene Aroma a mfumu Macrinus anamwaza ku Nisibis, timene tinalasa mapazi ofewa a ngamila.

Mtengo: Palibe ndalama, koma nthawi imapita.

Kupezeka: Aliyense amene ali ndi masewerawo ali nawo kale mafayilo. Amene ali ndi Remastered angayambire pa RTR: Imperium Surrectum, mod yaikulu imene ikukonzedwabe, koma akumbukire kuti Remastered ndi dawunilodi yolemera.

Kusamalira: Sungani fayilo yoyambirira padera, chifukwa mod ikasinthidwa ndi eni ake ntchito yanu imafufutika.

Zoopsa zake: Chilembo chimodzi cholakwika chimaletsa masewera kutseguka, ndipo mafayilo osinthidwa sagwirizana ndi a anzanu posewera pa intaneti.

Iti ndi ya yani

Ngati chimene mukufuna ndi kusaona chilichonse chimene zolemba zakale sizikuchichirikiza, tengani Europa Barbarorum II; yoyamba ija isiyireni amene ali kale ndi Rome wakale ndipo sadandaula ndi kudzutsa script. Ngati muli ndi kompyuta yamphamvu ndi bandulo yokwanira, ndipo mukufuna kusewera ngati Nabatea kapena Saba n'kumva mmene chipululu chimatetezera eni ake, Divide et Impera ndiyo yoyenera, bola mudziikire lamulo losalemba ngamila za zitsulo ndi losapitirira gulu limodzi kapena awiri a ngamila pa asilikali anu onse. Wophunzira kapena mphunzitsi amene alibe ndalama zogulira masewera ayambe ndi 0 A.D., podziwa kuti Mnabatea wa ma Ptolemy ali ndi chida choyenera koma akutumikira mfumu yosayenera. Invictus ndi ya amene chidwi chake chili pa misewu ya malonda a lubani ndi ndale za mafumu a ku Arabia, osati pa bwalo la nkhondo. Ndipo ngati chimene chimakuwawani ndi kuona kavalo wa ku Parthia akunjenjemera ndi ngamila imene anakulira nayo khola limodzi, tsegulani export_descr_unit.txt, muyambe ndi mzere wa mount_effect wa akavalo a kum'mawa, kenako muyese nkhondo imodzi yaing'ono musanakhudze china.